Nyumba Nambala 114

Pa pepala la wogulitsa uja panali mitengo,
ana pa kapinga, ndi galu wooneka kuti sauwa.
Tidasaina. Dzanja la Fermín likunjenjemera,
zaka makumi atatu za ngongole
zidatuluka m'kacholembera kamodzi ka buluu.

Kuno ku Tecámac nyumba n'zamapasa,
mapasa zikwizikwi, mayi mmodzi.
Sabata yoyamba ndidapisa kiyi pa chitseko cha eni,
kulimbana nacho, kutukwana chamumtima,
mpaka Doña Eulalia adatsegula, supuni ili m'manja:
"Mwanawe, kwanu ndi mzere winawo.
Ndiwe wachitatu mwezi uno. Lowa, khofi ali pamoto."
Tidapaka chitseko penti wachikasu kuti ndisasocherenso.
Chaka chisanathe, mzere wonse unali wachikasu.
Pentiyo adaatchipa kwa Nicanor.

Ndimadzuka nyenyezi zisanaweruke.
Folo koloko ndili kale pa mzere wa minibasi,
maola awiri ndi theka kukafika mumzinda wa Mexico
komwe ndimakolopa makonde a chipatala.
Tulo ndimamalizira pa phewa la munthu wosam'dziwa,
naye mawa adzamalizira pa langa.
Sitifunsana mayina.
Dzuwa la pakhomo panga ndimaliona Lamulungu lokha,
ngati m'bale wokwatiwa kutali.

Madzi amabwera Lachiwiri, akafuna.
Mpopi uyamba wakhosomola, kulavula dzimbiri,
kenako msewu wonse yakaliyakali ndi ndowa,
mapoto, mabeseni, botolo lililonse lokhala ndi kamwa.

Khoma n'lopyapyala ngati khoko la anyezi.
Chifuwa cha Don Anselmo ndimachidziwa
kuposa dokotala wake.
Ndidamva usiku womwe mkazi wake adaleka kuyankha.
Mpaka lero akazimitsa nyale amati, "Gona bwino, Chelo,"
ndipo ine kuseri kuno, nkhope ili kukhoma,
ndimavomera osatulutsa mawu.

A pa 116 adathawa usiku. Ngongole idawafika m'khosi.
Adasiya makiyi pansi pa mwala
ngati pali wina adzawafuna.
Akuba adazula chitseko, mawaya, ngakhale mtondo wa chimbudzi.
Pano mumagona mphepo ndi amphaka awiri.
Ndikamadutsapo ndimakweza phazi,
poti nyumbayo ndi yanga yomweyi,
kungoti yovula.

Paki ya pa pepala ija ilipo ndithu:
fumbi, ndi katungwe wopanda pokhalira.
Koma Itzel wanga amagoletsa zigoli pamenepo
pakati pa matayala awiri akutha,
nabwera mawondo ali mbuu,
kundifotokozera zonse ine ndikuwodzera pa mpando,
nsapato imodzi ndavula, ina ikadali kuphazi.

Mlamu akabwera amapukusa mutu:
"Kutali chonchi? Kabokosi ka machesi aka?"
Ndimangomuthirira khofi.
Waiwala kuti zaka zisanu ndi ziwiri
tidagona kuseri kwa nyumba yake ku Iztapalapa,
kuyenda monyang'ama, kuseka motsitsa,
kupempha chilolezo ngakhale choyanika thewera.

Tsiku lomwe tidalowa muno, katundu akadali panja,
Fermín adatulutsa hamala m'thumba
nakhoma msomali pakati penipeni pa khoma.
Ndidati, "Upachikapo chiyani?"
Adati, "Palibe."
Adakhoma basi, mwamphamvu, kuti onse amve,
osagogoda kwa munthu kukapepesa.

Msomaliwo ulipobe, wopindika pang'ono.
Kalendala tidaipezera pena, chithunzi cha ukwati pena.
Pakhonde, mtengo wa ndimu m'chitini cha penti uja
wabala ziwiri chaka chino.
Imodzi ndapatsa Don Anselmo, ya chifuwa.
Inayo sindinathyole.
Ndimaikhudza mumdima potuluka m'mawa,
n'kupita ku minibasi zala zikununkhira.

Zatsala zaka makumi awiri ndi zitatu.