Mmero wa Chitsulo

Kuseri kwa njanji, ku Córdoba,
mutu wa injini wagona chagada pa benchi ya Evaristo.
Watsopano wa m'sitolo ndi malipiro a miyezi inayi.
Iye ali ndi tupa, sandipepala, ndi Loweruka.

Injini ndi chifuwa, amatero,
ndipo iyi ikubanika.

Huva ya mkazi wake waimangirira pabowo ndi mphira wa chubu.
Paipi yoonekera m'kati waipinda ngati mbedza,
wathiramo madzi ofiiritsa ndi vinyo.
Huva ikalira, madziwo amasuntha:
mboni yosadya chiphuphu.

Nélida, mwana wake, alowetsa ulusi pa kawaya.
Kunsi kwa valavu ulusi uli njenjenje,
pomwe mphepo ikupunthwa
pa kamzere kosiyidwa ndi chikombole.
"Apa, bambo."

Chaka chatha ankafuna bowo lalikulu.
Anapala, anapala, dyera likumukankha chigongono,
mpaka tupa linatulukira m'njira ya madzi.
Mutu umenewo lero umachirikiza chitseko
kuti mphepo isachimenyetse.

Ndiye lero akuchotsa pang'onopang'ono
ngati akumeta khanda.
Asalaza pokhota, aleka, ayeza,
alemba nambala pakhoma ndi choko.
Bowo limodzi latha dzuwa litapendeka.
Atsala asanu.

Ulusi wawongoka, suvinanso.
Utuchi wachitsulo uli mbuu m'ndevu zake,
ndipo sakudziwa kuti akumwetulira.
Pakhomo Ofelia wapinda manja:
akufuna huva yake,
ndiponso wafunsa kale kawiri
za botolo la vinyo lija.