Katoni ya Madola Anayi

Loweruka ndimadzuka kusanayere,
kombi ya ku Mufakose, ina ya m'tauni,
mpaka ku Greendale kumene mipanda ili ndi mano.
Pageti alemba ndi choko kuti zonse zikugulitsidwa:
eni nyumba akutsatira ana awo kutsidya kwa nyanja,
ndipo ndege sinyamula makabati.

Ine khasu langa ndi maso.
Anzanga amathamangira firiji, wailesi, matiresi,
ine ndimagwada pansi pa tebulo
pomwe pali makatoni opondedwa ndi aliyense.
Supuni ndimaitembenuza ngati khanda posamba,
kufuna kachidindo kakang'ono kumsana kwake.
Ikakhala siliva weniweni ndimaumitsa nkhope,
ndimadandaula za dzimbiri lomwe palibe,
pakuti womwetulira pamsika amalipira kawiri.

Mwezi watha ku Mupedzanhamo
ndinafukula jekete lachikopa pansi pa mulu wa kaunjika.
Dola imodzi. Ku Avondale linapita ndi makumi atatu
ndipo Tadala sanabwezedwe kusukulu.

Koma za Loweruka lapitali.
Katoni ya kukhitchini, madola anayi.
Mayi wa imvi anati tenga yonse, usasankhe.
M'katimo sefa yobooka, mipeni yobuntha,
chotsegulira zitini, supuni zitatu zondiyankha bwino,
ndipo pansi penipeni kabuku kofiira
komwe mafuta anakadya m'makona.

Ndinakatsegula m'kombi, titaima pamzere wa magalimoto ku Msasa.
Ndinkayesa ndi Chingerezi cha makeke.
Ayi ndithu. Pensulo, zilembo zopendekera
ngati chimanga chogonekedwa ndi mphepo:

"Dona safuna anyezi wambiri."
"Mazira anayi, osati atatu, kukakhala alendo."
"Ndatumiza mapaundi awiri kwa Nasibeko, a malata."

Chinyanja chomwe chija
malemu bambo ankachimeza pamzere wa zitupa
kuopa kumveka kuti ndi obwera.
Apa chinali chitakhala mwendo pamwamba pa unzake
m'khitchini ya eni ake, zaka zonsezi,
osapempha chilolezo kwa munthu.

Pachikuto: Jailosi Kachingwe, Ntcheu, 1961.

Nyama ya nkhosa. Jamu wa malalanje owawa.
Mankhwala ochotsera vinyo pansalu ya patebulo.
Ndiyeno, pakati pa supu ndi pudini:

"Lero kalata. Mwana watisiya.
Madzulo alendo khumi ndi awiri."

Ndipo pansi pake, dzanja lomwelo, losanjenjemera:

"Mbatatesi pamoto faifi koloko."

Kondakitala anandigwedeza phewa kawiri
ndisanamve kuti akufuna ndalama yake.

Lolemba ndinabwererako kukafunsa mayi uja.
Geti lokhoma, choko chitafufutidwa, ngakhale galu kunalibe.
Mlonda wa nyumba yoyandikana anakanda m'mutu,
nati m'Chishona chake: khukhi wakale?
Ena amati agona ku Warren Hills,
ena amati anakwera basi ya ku Nyamapanda
ndi sutikesi imodzi. Ndani ankalemba za anthu otere?

Ndinafuna kumuuza kuti ankalemba okha.

Supuni zija zapita. Wogula sanatsutse mtengo,
ndipo ndadziwa kuti ndinatchula wochepa.
Lendi ndalipira, nsapato za Tadala ndasoketsa.
Kabuku ndiye sindinakayale pamphasa yamalonda,
kali m'chikwama limodzi ndi chitupa cha bambo.
Ku Ntcheu sindinapondeko.
Nasibeko sindimudziwa,
kaya malata aja anakwana denga lonse
kaya mvula inkalowabe chakumutu kwa bedi.

Dzulo ndinayesa keke ya patsamba lachisanu ndi chiwiri,
mazira anayi ngakhale alendo ndinalibe.
Magetsi anathima ili pakati,
inatuluka yopsa m'mbali, yaiwisi pamtima.
Tadala anadya mapisi awiri
nafunsa amene anandiphunzitsa.
Ndinati a Jailosi.
Anati, ndi achibale athu?

Ndinali ndi keke m'kamwa.
Ndinatafuna kaye nthawi yaitali.