Khala la Sajeni Gwaza

Loweruka, mu holo ya tchalitchi ku Kawale,
tinkawerenga buku lothothoka chikuto,
la asilikali amakedzana obwerera kwawo.

Sajeni Gwaza sanawerenge nafe.
Anatola khala m'mbaula ya mlonda,
najambula pakatoni ya sopo
jombo imodzi, zingwe zili lendelende.

"Inzake ili kuti?" ndinafunsa ine wakabaza,
wongoimvera pawailesi nkhondo.
"Ku Kongo," anatero. Basi.

Kunja oitanira ankakuwa za ku Biwi.
Nasibeko, telala uja, anasiya ndakatulo yake panjira,
nabwereka khalalo,
najambula phazi pambali pa jombo.

Sajeni analiyang'ana, naliyang'anabe.
"Chala chachikulu chinali chopindika,
ankachitcha mbedza."
Anaseka pang'ono, mawu nkuthawa.

Kenaka anakoka mpando wake
kudzakhala pakati pathu.