Njira Yolambalala

Julaye, ku Makata, pamwamba pa fakitale ya sopo.
Chiperoni chamata mawindo.
Onse aweruka; tatsala ine, kompyuta,
ndi a Mwamadi kugeti akukumbatira mbaula.

Bwana Likongwe andisiyira kapepala kachikasu:
"Tayamika, mabuku akuti tapindula mamiliyoni makumi anayi.
Nanga bwanji Lachisanu ndinakabwereka za malipiro?"

Njira yachindunji ilipo,
kulondola kwacha iliyonse pomwe inalowera, pomwe inatulukira.
Ine ndidzera yolambalala,
ngati minibasi yozemba apolisi
n'kukatulukira m'makwalala a Ndirande.

Ndiyambira pa phindu, pamwamba penipeni,
nambala yonona, yovala tayi,
yosagwirapo ndalama m'manja chibadwire.

Poyamba ndibweza ukalamba.
Makina odulira sopo,
lole yathu yotsokomola pachitunda cha Nyambadwe:
chaka ndi chaka timalemba kuti zaperepeseka,
n'kuchotsa pa phindu.
Koma dzimbiri silipita kubanki kukatapa.
Palibe tambala inatuluka. Ndiwonjezeranso.
Mwenzi wina atandibwezera chotere
maso angawa, otha ndi mizere.

Kenaka otikongola.
Mayi Nasibeko a golosale ku Bangwe, makatoni mazana awiri,
"ndidzapereka mwezi ukatha," osanena mwezi wake.
Sukulu ya ku Lunzu ikudikira fizi.
Tinalemba kuti tagulitsa;
sopoyo anachita thovu kalekale, anatsikira mu Mudi,
ndalama zikadali m'matumba a eni.
Ndichotsa.

Migolo ya mafuta yadzaza m'nyumba ya katundu,
tinagula mothamanga poopa kugwa kwa kwacha.
Ndalama zagona mmenemo, makoswe akuyenda pamwamba.
Ndichotsa.

Tsono amene ife tawakongola.
Mnyamata wa makatoni ku Chirimba
amaimba katatu patsiku,
ine n'kumati, "bwana ali pamsonkhano."
Ndalama zake tikugona nazo ife,
ndiye lamulo likuti ndiwonjezere.
Ndiwonjezera.
Manyazi okha ndiwo alibe mzere wake.

Msonkho watenga zake. Chiwongoladzanja chatenga zake.
Nambala yonona ija yavula tayi,
nthiti zikuwerengeka.

Magetsi phethi! kuzima.
Pansi jenereta yatsopano iyamba kubangula,
ngati ikudziwa kuti ndafika pamzere wake:
mamiliyoni khumi ndi awiri, anatuluka tsiku limodzi.
Pambuyo pake ngongole ya banki, yolumidwa mwezi ndi mwezi,
ndi gawo la eni kampani,
lomwe linatuluka mu Disembala,
mwezi womwe mpanda wina ku Namiwawa unakwera njerwa zisanu.
Bwana, yankho lanu lili apa.
Mawa ndidzaliloza ndi chala, pakamwa nditatseka.

Pansi penipeni zikuyenera kukumana,
zanga ndi za kubanki.
Sizikukumana.
Zikwi makumi atatu zasowa.

Ndibwerera m'mbuyo, mzere ndi mzere,
tiyi wazizira, wayala kakhungu.
Ndivundukula bokosi la malisiti,
fumbi, zingano, fungo la sopo wosapsa,
mpaka kapepala kong'ambidwa m'kope,
kolembedwa ndi dzanja langa lomwe, mu Febuluwale:
chipepeso, maliro a Fulaye wa kumakina.

Ndinali nditamuiwala.
Ankaimba mluzu akamakwera masitepe awa.
Ndimulowetsa pamzere wake,
ndipo manambala akumana, gwa! ngati chitseko.

Kugeti a Mwamadi adzuka, bulangeti paphewa.
"Zatheka, mayi?"
"Zatheka."
"Ndiye kuti mwezi uno tilandira pa nthawi yake?"

Ndiyang'ana ku Michiru, kulibe phiri, nkhungu yokhayokha.
Ndipisa m'chikwama kufuna ya njinga yamoto ya ku Chilomoni.
Nanenso papepala ndine wolemera:
mlamu ali ndi zanga, kuchipeleganyu ali ndi zanga.
M'manja muli zikwi ziwiri
ndi batani lothothoka.