Phala Lanji?

Lipoti linabwera pa basi ya ku Kasumbalesa,
kuchokera ku chipatala chinzathu cha kutsidya kwa malire,
masamba makumi anayi, onse m'Chifalansa,
pakona pothimbirira mafuta a galimoto.
Asisitere a ku Bergamo, amene amatigulira mkaka wa ana,
akulifuna m'Chitaliyana lisanafike Loweruka.
Ine Tisauke, mlembi wa kachipatala ka ku Mtendere,
ndimadziwa Chinyanja, Chizungu,
ndi Chibemba chongogulira tomato.

Ndinayamba ndi foni.
Woyamba anali ku Milano, amalipiritsa liwu lililonse;
nditawerengera m'makwacha ndinatsanzika mwaulemu.
Wachiwiri amamasulira za migodi ndi milandu ya mkuwa,
anandifunsa ngati kwashiyoko ndi dzina la kampani.
Wachitatu anayankha magetsi atazima,
uthenga wake unandipeza m'mawa
iye atagwira kale ntchito ina.

Lachitatu mnzanga wopereka mankhwala anati,
pita ku Kamwala, kuseri kwa ogulitsa zitenje,
ukafunse Mama Kabedi wosoka madiresi a ukwati.
Ndinaseka.
Koma minibasi ndinakwera.

Ndinawapeza ali ndi mapini kukamwa.
Anabadwira ku Likasi.
Zaka khumi ndi chimodzi anasamalira okalamba ku Torino,
kuwayezera mchere, kuwaphikira zofewa,
kuwerenga mapepala a madokotala nkhalamba zitagona.
Satifiketi ili m'sutikesi, pansi pa nsalu zotsala.

Anapukuta manja, natsegula tsamba lachisanu ndi chiwiri.
Chala chinaima.
Apa alemba kuti phala. Koma phala lanji?
La ufa wokha, kapena lothira nsinjiro ndi soya?
Ndikasankha liwu lonona
asisitere aganiza kuti ana akukhuta.

Sindinadziwe.
Tinaimbira namwino wa kutsidya, mayunitsi anga akutha,
mawu akuduka ngati ulusi wovunda.
Lamadzi, anatero. Ufa wokha. Kamodzi patsiku.
Mama Kabedi analemba mawu atatu
pamene Mfalansa akanalemba limodzi.

Masiku awiri makina osokera anagona.
Mkwatibwi wina anabwera, nakalipa, nabwerera
ndi diresi la mkono umodzi.
Mtengo tinagwirizana chilili:
theka lero, theka ndalama zikalowa,
pangano lake kuseri kwa lisiti la mabatani.
Ine ndinkagula makandulo ndi zitumbuwa,
iwo ankakangana okha ndi mavitamini
m'zinenero zitatu.

Tsamba lomaliza linali chithunzi:
kamkono ka mwana,
lamba woyezera atakazunguliza,
nambala itagwera pofiira.
Ndinafunsa, nanga apa mulemba chiyani?
Anatola mapini aja mmodzimmodzi,
nakoka diresi la mkono umodzi.
Apa, anati, asisitere awerenga okha.