Ukonde wa Halszka

Ku Wrocław chipale chakuta mazenera,
tiramu yomaliza yadutsa kale.
Halszka akadali pa bolodi, choko m'zikhadabo.

Wayesa kuwerenga: chimodzi, ziwiri, zitatu,
koma bwaloli lakulitsa,
mzere wa manambala ukutopera panjira.

Ndiye waluka ukonde
momwe zingwe ziwiri zilizonse
zili ndi mfundo yokumanapo patsogolo.

Awa akuyandikira x, awo akuyandikira y.
Wawachulukitsa awiriawiri
ndipo zotuluka, popanda wozikusa,
zalunjika kwa xy.
Otembenuzidwa nawo afika kwawo.
Kagulu, ngakhale ukaphatikize ndi malire ake,
kakhalabe kagulu.

Mlonda Zbyszek akuliza makiyi pakhomo.
"Ukonde wako uja wakola nsomba?"
"Ayi, bambo. Wakola komwe zikulowera."

Watuluka, sikafu wayiwala pampando.