Kalakandi wa ku Alwar

Mkaka umafika kusanache,
m'zigubu zinayi zolendewera pa njinga yamoto ya Harphool,
ukadali wofunda, ukununkha khola la njati.

Ndimaukhuthulira m'chiwaya chachitsulo,
chija ndinkabisalamo ndili mwana,
n'kusonkha moto.
Kuyambira pamenepo dzanja silipuma.
Mkaka ndi wansanje:
ukangocheukira kumsewu kamodzi
wagwira pansi, wapserera,
ndipo fungo limakakuneneza mpaka kwa wosoka nsapato.

Bambo amakhala pakhomo pa sitolo,
phewa lamanja atalikulunga ndi nsalu.
Zaka makumi atatu za kutakasa zinalidya.
M'chiwaya sasuzumiramo, amangotchera khutu.
"Damayanti, wayamba kuwira molemera. Phula nkhuni imodzi."

Mthikowu unali wa mchimwene wanga Omkar.
Iye ali ku Jaipur, akugulitsa mafoni,
m'manja mwake mosalala ngati sopo.

Maola atatu. Nthunzi yaba zigubu zitatu
ine ndikuona.
Ndiye madontho a ndimu, owerenga,
kuti mkaka ungodzidzimuka, usadukiretu,
uchite timibulu ngati mchenga wonyowa.
Shuga pambuyo. Ilaichi yosinja, kambinyira chabe.
Nditakasabe, thukuta likuyabwa m'maso,
mpaka phalalo lileke kukakamira chitsulo
n'kuyamba kutsata mthiko.

Ndimalithira m'chitini chakuya likadali lamoto,
kuvundikira, kufunditsa bulangete lakale la amayi,
n'kulisiya pakona pamdima.
Apa palibenso chochita munthu.
Kutentha kotsekeredwako kumapitiriza kokha ntchito,
mwakachetechete, pakatikati.

Madzulo mpeni ukalowa
m'mbali mwayera, mumtima mwafiira ngati njerwa.

A Bhargava, aphunzitsi opuma aja, amabwera ndi ambulera yawo
ngakhale kulibe mtambo.
Amaluma, n'kutsinzina.
"Tilokchand, dzanja lakoli silikalamba!"
Bambo amayang'ana sikelo nthawi yaitali
ngati muvi wake wasokonekera.
Ine ndili kuseri kwa katani, ndikukwecha chiwaya,
matuza awiri atsopano akundiwawa m'madzi.

Kasitomala akapita ndimamva mpeni ukugunda thireyi.
Katani imagwedezeka.
Dzanja lamanzere, losazolowera, limalowa lokha,
litanyamula pa tsamba chidutswa cha pakati penipeni,
chofiira kwambiri chija,
chimene sagulitsa kwa aliyense.

Sanena kanthu. Inenso ayi.
Ndimadya chiimirire,
poti Harphool akubweranso mawa
ndipo chiwaya sichinayere.